Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chaka chimene makina anga anachita dzimbiri

Gawo lathali ndinalekezera pamanda, tsiku limene tinaika bambo anga kwathu ku Chiradzulu mu Januwale 2021. Lero ndafika pa nkhani imene ndakhala ndikuizemba, ya matenda a maganizo amene ndinadwala. Ndalemba n'kufufuta katatu konse, mpaka mayi a kunyumba anachita kundifunsa kuti, "Za ngongole munalemba osachita manyazi, nanga izi mukubisiranji?"

Amene mwanditsatira kuyambira poyamba mukudziwa kuti ndine telala. Makina anga a Singer, opalasa ndi phazi, ali pakhonde la golosale ina ku Ndirande. Telala wa pakhonde sadya zigamba ayi. Ndalama yake yeniyeni ili pa mayunifolomu a ana a sukulu ndi zovala za maukwati, ndiye sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, misonkhano n'kuchepetsedwa, zonse ziwiri zinazima tsiku limodzi. Ndinasoka timamasiki ta chitenje monga anachitira matelala onse, koma phindu lake linali la ndiwo basi. Kenaka matenda a bambo, kenaka maliro. Bokosi ndi galimoto yonyamula thupi ndinalipira ndi ndalama ya katapila.

Koma ndisakunamizeni kuti ngongole yokha ndiyo inandigwetsa. Anzanga pakhonde lomwelo anali ndi ngongole zoposa yanga, koma ankadzuka, kusamba, n'kubwera kudzaseka pa bawo. Ine chinandigwira china.

Chinayambira pa tulo. Ndinkagona bwinobwino, koma ikamakwana 2 koloko usiku maso gwa! Kuyambira pamenepo mpaka kucha ndinkangomvera agalu akuuwa cha kuphiri, maganizo akuzungulira malo amodzi ngati lamba wa makina wopanda singano. Ndikanapita nawo msanga kuchipatala bambo sakanafa. Ana adya chiyani. Wa katapila abwera Lachisanu. Ndikanapita nawo msanga. Nsima inayamba kumveka ngati utuchi mkamwa. Thalauza langa ndinalibweza m'chiuno kawiri ndi manja angawa, osaganiza n'komwe kuti kuwonda kumeneko kukutanthauza kanthu.

Tsiku lina mayi wina anabweretsa nsalu ya diresi la chinkhoswe, nsalu yodula imene mlongo wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinayeza, ndinajambula ndi choko, ndinadula. Nditayala zidutswa patebulo ndinaona kuti ndadula manja awiri a mbali imodzi. Mwana wophunzira kusoka sabata yoyamba sangalakwe chotero. Mayiyo anakalipa, ndipo anayenera kutero, koma ine ndinangomuyang'ana ngati akulankhula ali tsidya lina la mtsinje. Madzulo ake ndinafunditsa makina ndi chiguduli, ndinapempha mwini golosale kuti awalowetse mkati. Ndinati ndibwera mawa. Anakhala mmenemo miyezi 7.

Kunyumba ndinkagona choyang'ana kukhoma. Si kuti ndinkalira tsiku lonse, monga ambiri amaganizira akamva za matendawa. Bola kulira. Ine mkatimu munali zii, ngati nyumba imene anthu asamukamo. Bullets ikamasewera mpira wailesi ndinkaithimitsa. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali Sitandade 4, anabwera tsiku lina kudzandionetsa kope limene anakhoza masamu onse, ndipo ndinamukalipira kuti akundisokosa. Nkhope yake tsiku limenelo sindiyiwala. Ataturuka ndinadziuza kuti banjali lingapume nditachokapo, ndipo maganizo amenewo atangolowa, anapeza mpando n'kukhala.

Kuchipatala ndinapitako katatu miyezi imeneyo. Ndinkadandaula mutu, chifuwa cholemera ngati andisenzetsa thumba la simenti, ndi mtima kuthamanga. Anandiyeza malungo, sanawapeze. BP inali bwino. Ndinkabwerera ndi panado. Sindikuloza chala munthu pamenepa, chifukwa ine ndemwe sindinanene za tulo kapena za maganizo aja. Mutu uli ndi dzina, ukhoza kuuloza. Nanga ukauza dokotala, kumbuyo kwako kuli mzere wa anthu mpaka panja, kuti sindikumva kukoma chilichonse, akulembera chiyani m'buku?

Achibale aliyense anali ndi yankho lake. Mayi anga anati ndalodzedwa pa nkhani ya munda wa bambo, ndipo ananditumizira mizu yofukiza. Achimwene anga aakulu anabwera, anaima pakhomo la chipinda osalowa, n'kunena kuti, "Iwe, mwamuna salira. Tonse tafedwa. Dzuka ukagwire ntchito." Amayi a Mvano anabwera kudzapemphera, ndipo ndimawathokoza mpaka lero chifukwa anabwera ndi ufa komanso anakhala ndi mkazi wanga pamene analibe womulankhula. Oyandikana nawo ena ankanong'onezana kuti telala wayamba chamba. Mayi a kunyumba ankadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, ndipo mandasi amenewo ndiwo analipira lendi chaka chonsecho.

Amene anaswa nkhaniyi ndi achemwali anga, amene ndi mlangizi wa zaumoyo kumudzi. Anabwera mu Ogasiti, anakhala pamphasa pafupi ndi bedi, sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anandifunsa kuti ndimadzuka nthawi yanji usiku. Kenaka anati, "Achimwene, awa ndi matenda. Lachiwiri tipite kuchipatala, kuli namwino amene anaphunzira za matenda a maganizo."

"Mukufuna mukanditaye ku Zomba?" ndinatero.

Mukudziwa mmene timalitchulira dzina la Zomba tikamanyoza munthu. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili kumeneko, ndipo ife tinakula tikudziwa kuti matenda a m'mutu ndi amodzi okha, misala, munthu wovula pamsika. Ine sindinavule, ndiye sindinkaona chondipititsa kwa anthu amenewo. Achemwali anaseka pang'ono n'kunena kuti ambiri odwala matenda amenewa sagonekedwa n'komwe, amalandira thandizo akuchokera kunyumba monga a shuga ndi a BP. Anatchulanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuti kumeneko anthu amapita kukalandira uphungu n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndinavomera kupita pofuna kuti asiye kundivutitsa.

Chipindacho chinali chaching'ono, kuseri kwa chipatala. Ndinavala chipewa chobisa nkhope poopa kukumana ndi kasitomala. Namwinoyo anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Anatseka chitseko, chinthu chimene sichinachitikepo pa maulendo atatu aja, n'kutulutsa pepala la mafunso 9. Pambuyo pake ndinadziwa kuti pepalalo amalitcha PHQ-9. Funso lililonse limafunsa za masabata awiri apitawo, ndipo umayankha ngati chinthucho sichinachitike, chinachitika masiku ochepa, masiku oposa theka, kapena pafupifupi tsiku lililonse. Kusasangalala ndi zinthu zimene unkazikonda. Kutaya mtima. Tulo. Kutopa. Kudya. Kudziona ngati wolephera amene wakhumudwitsa banja. Kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Pamenepa ndinakumbukira manja a diresi lija.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pepalalo linali losindikizidwa kale. Munthu amene sanandionepo analemba ndondomeko ya zonse zimene ndinkabisa, ngati anali kuseri kwa khoma la chipinda changa. Ndiye kuti tilipo ambiri, ndinaganiza choncho, mpaka anachita kutisindikizira pepala.

Funso lomaliza anafunsa akundiyang'ana m'maso: kodi mumaganiza kuti kuli bwino mutafa, kapena zodzivulaza? Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinakhala chete nthawi yaitali, iwo osandifulumiza. Kenaka ndinati eya. Sanadzidzimuke, sanandilalikire, sananene kuti n'tchimo. Anafunsa kuti maganizowo amabwera kangati, ngati ndinakonzapo zochita, ndiponso amene ndingamuuze akandifikira usiku. Ndinalira pamenepo koyamba chiikireni bambo.

Mapointi onse akamaphatikizidwa amafika 27. Anga anali 19. Anati matendawa ndi okhumudwa, pachingerezi amati depression, ndipo amachizika. Ananditumiza kukayezetsa magazi ndi shuga kuti aone ngati palibe china chikundifooketsa. Ndi chilolezo changa anaitana achemwali, n'kugwirizana kuti mayi a kunyumba auzidwe zonse, ndisamakhale ndekha nthawi yaitali, mankhwala azisunga ndi iwo, ndipo maganizo aja akakula ndibwere tsiku lomwelo osadikira deti ya m'buku.

Anandipatsa fluoxetine, kapisozi imodzi ya 20mg m'mawa uliwonse. Anandichenjeza kuti si panado, sindimva kusintha mawa kapena mkuja, pamatenga masabata angapo. Bola ananeneratu, chifukwa sabata yoyamba ndinkangomva mseru, mutu ukuwawa, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanawataya kuchimbudzi. Mayi a kunyumba ankaika kapisoziyo pambali pa kapu ya tiyi n'kuima pomwepo mpaka ndimeze.

Kuchira kwake kunalibe tsiku. Amene anaona poyamba ndi ena, ine ayi. Cha m'sabata yachisanu mkazi wanga anati, "Bambo, mwadziwa kuti mwapempha nsima yowonjezera?" Tsiku lina ndinadzidzimuka kunja kutayera, tambala atalira kale ine osamumva.

Masabata awiri aliwonse ndinkabwerera kwa namwino uja, ndipo ndimakhulupirira kuti zokambirana zathu zinagwira ntchito yofanana ndi kapisozi. Anandiuza ndigule kope la ana a sukulu ndilembemo mavuto anga onse. Anakwana 11. Ndiye anati tisankhepo limodzi lokha, limene ndingaligwire sabata imeneyo. Ine ndinaloza ngongole. Iwo anati yakula, tiyambe ndi kusamba m'mawa uliwonse n'kuyenda mpaka pamsika. Ndinakhumudwa, kunena zoona. Bambo wa ana atatu kupatsidwa homuweki yosamba! Koma ndinachita, ndipo sabata yotsatira tinafika pa wa katapila. Tinalemba njira zonse zimene zinalipo, ngakhale zopusa monga kuthawira ku Mozambique, ndipo ndinasankha kupita kwa iye ndi achimwene anga kukapempha kuti chiwongoladzanja chiime, ndizibweza pang'onopang'ono. Achimwene omwe aja a mwamuna salira anandiperekeza, ndipo ndi amene analankhula kwambiri. Za matenda anga sitinakambiranepo mpaka lero, koma anapita.

Patapita nthawi ndinawerenga pafoni kuti ku Zimbabwe kuli njira yofanana ndi imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare. Kumeneko agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi. M'Chishona matendawa amawatchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Ndinaseka ndekha, chifukwa ndi mawu omwewo amene mayi anga ankanena: mwanayu akuganiza kwambiri. Matendawo anawaona bwino, mankhwala ake ndi amene anasochera nawo.

Tsopano ndiulule kupusa kwanga. Itakwana miyezi itatu ndinadziona kuti ndachira. Mwezi umenewo mankhwala anali atatha kuchipatala, anatiuza kuti tikagule ku famase, ndipo ine ndinati ndalama imeneyo bola igule ufa. Sindinauze munthu, mayi a kunyumba ndinawanamiza kuti dokotala wandisiyitsa. Masabata atatu oyamba zonse zinali bwino. Kenaka 2 koloko ija inabweranso, agalu omwe aja, lamba yemwe uja. Ulendo uno ndinachizindikira chisanandigwetse, ndipo ndinabwerera ndekha, wamanyazi ngati mwana wothawa sukulu. Namwino sanandikalipire. Anandikumbutsa zimene ananena tsiku loyamba, ine osamvetsera: mankhwalawa umapitiriza kumwa miyezi yambiri utayamba kale kupeza bwino, ndipo kusiya kwake mumagwirizana ndi achipatala. Kuyambira pamenepo achemwali anga ankatumiza ndalama pa Mpamba mwezi umene mankhwala asowa.

Makina ndinakawatenga Loweruka lina m'mawa. Mwini golosale anali atawakankhira kuseri kwa makatoni a sopo, ndipo denga linkadontha pamenepo. Nditachotsa chiguduli ndinapeza dzimbiri pa mbale ya singano ndi pa gudumu, lamba atauma n'kung'ambika. Ndinakhala pansi ndi palafini, kansalu ndi kabotolo ka oyilo, kupukuta chitsulo chimodzichimodzi mpaka dzuwa linafika pamutu. Anzanga a bawo ankandiyang'ana chakumbali. Mmodzi anafunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuti, "Ndimadwala maganizo, ndikumwa mankhwala." Panakhala bata. Wina anasuntha nkhomo pa bawo, masewera n'kupitirira. Patatha sabata, mmodzi wa iwo anandipeza ndili ndekha n'kundifunsa motsitsa mawu kuti chipinda chija chili mbali iti ya chipatala, ati akufunsira mlamu wake.

Ntchito yoyamba inali zipi ya kabudula wa sukulu. Manja ankanjenjemera, ulusi ndinaphonya kulowetsa pasingano kanayi. Yachiwiri inali diresi la yunifolomu la mwana wanga uja, limene linali litamufupikira kalekale ine osaona. Ndinalimasula mpendero, ndinalitalikitsa, ndipo madzulo ake ndinamupempha kuti andionetse kope lija la masamu. Anati linatha, aphunzitsi anawapatsa lina. Anakatenga latsopanolo.

Mayi wa diresi la chinkhoswe uja ndinakumana naye patapita chaka, m'minibasi ya ku Limbe, tili mpando umodzi. Nkhani imeneyo ndiyamba nayo gawo 8.