Mavu, makwerero ndi mwera

Lolemba m'mawa foni inalira. Ndege yaing'ono ya Cessna Caravan, yonyamula alendo odzaona nyanja, yakanika kunyamuka ku Mangochi. Woyendetsa anati pothamanga pabwalo muvi wosonyeza liwiro sunasunthe, ndiye anaima. Ndinanyamula bokosi la zida ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito yokonza ndege, tinatsika Khwekhwelere, kufika dzuwa litapendeka.

Vuto tinalipeza Lachiwiri. Paphiko pali kapaipi koyezera liwiro, timati pitot. Ndegeyo inagona masiku atatu kapaipiko kosavundikira, mavu aja omanga ndi dothi n'kupezapo nyumba. Mnyamata anafuna kuuzira ndi pakamwa. Ndinamugwira mkono. Ukauzira paipi isanamasulidwe, mpweya umakaononga mita mkati muja. Tinamasula, kutsuka, kenako kuyesa ngati sikutuluka mpweya.

Poyesa timamata timabowo tina ndi tepi, ndipo ine ndimagwiritsa yofiira yokha, yaitali yolendewera, n'kulemba m'buku kuti ndamata zingati. Mu 1996 ndege ya Boeing 757 ya Aeroperú inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Lima, anthu 70 onse anafa. Chifukwa chake tepi imene otsuka ndege anamata pa timabowo totere n'kuiwala kumatula. Nkhaniyi ndinamuuza mnyamata akumatula yekha, akuwerenga mokweza.

Lachitatu ndi limene linandidetsa kukhosi. Mwera unayamba cha m'ma 10, nyanja ikuchita thovu. Tinapita kukamwa tiyi, makwerero titawasiya chiimire pafupi ndi phiko. Ndinawaona ndithu, koma ndinati tibwera pompano. Tinangomva phwaa! Pofika, m'mphepete mwa phiko mwatifuka pang'ono, malo ake ngati ndalama yachitsulo.

"Bwana, kameneka ndani angakaone?" anatero mnyamata, mawu akunjenjemera. Ankaganiza kuti ntchito yamuthera.

"Mphwanga, amene anasiya makwerero ndi ine. Tenga rula ndi tochi."

Tinayeza kuya kwake ndi kutalika kuchokera pa mariveti (timisomali tolumikizira zitsulo za phiko), kuunika ngati pali mng'alu, kujambula, n'kutumiza ku Lilongwe. Buku la opanga ndege limanena kutifuka komwe ndege ingauluke nako ndi komwe singauluke nako. Diso langa silingagamule zimenezo, ngakhale ndakalamba nayo ntchitoyi. Kulemba lipoti lodzineneza wekha kumawawa, osanama.

Lachinayi tinangodikira yankho, alendo ataperekedwa kale pagalimoto. Alonda a pabwalopo anatipezera chambo chootcha, ati tisafe ndi maganizo. Madzulo yankho linabwera: iuluke, akakonza bwinobwino kuhang'ala, chinyumba chokonzeramo ndege.

Lachisanu powerenga zida sipanala ya 7/16 inasowa. Ndege siinyamuka chida chisanapezeke, choncho tinatsegulanso zivundikiro za injini, woyendetsa akungoyang'ana wotchi. Patatha mphindi 40 tinaipeza m'thumba lakumbuyo la ovolosi ya mnyamata. Ndinasaina buku, tinachotsa zotsekera mateyala. Makwerero anali atagonekedwa kale pansi pa mtengo wa mango, atamangidwa ndi chingwe.