Mbalame za Kuseri kwa Nyumba Pamene Chilimwe Chikutha

M'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene chaka chimagawika m'nyengo zinayi, anthu amene amaonerera mbalame kuseri kwa nyumba zawo amakonda kudandaula kuti mwezi wa Ogasiti ndi wogwetsa ulesi. Amati nyimbo za m'mbandakucha zimene zinkawadzutsa mu Meyi ndi mu Juni zatha, zisa zatsala zopanda kanthu, ndipo mbalame zochepa zimene zikuonekabe zili ndi nthenga zonyankhalala ngati kuti zikudwala. Ine sindigwirizana nawo. Masabata amene chilimwe chimakhala chikutha, masamba n'kuyamba kufiira ndi kuyoyoka, ndi amene amandiphunzitsa zambiri, chifukwa ndi nthawi imene woonerera amayenera kumadzifunsa kuti ndi mbalame iti imene dzulo inalipo koma lero yasowa, ndipo yapita kuti.

Chete amene amagwa pabwalo ali ndi chifukwa chake. Mbalame yamphongo imaimba pofuna kukopa yaikazi komanso pochenjeza zinzake kuti malo ano ali ndi mwini, choncho ana akangotuluka m'chisa, nyimboyo imakhala yatha ntchito. Kenako imayamba ntchito ina yolemetsa, yomwe ndi yosintha nthenga. Nthenga ikamera n'kukhwima siikonzekanso, imangoperepeseka ndi dzuwa, minga ndi kulowalowa m'chisa, mpaka mbalameyo itaitaya n'kumeretsa ina. Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimachita zimenezi zikamaliza kulera ana, ndipo nthenga za m'mapiko sizithothoka mwachisawawa ayi, zimagwa motsatizana, imodzi kuphiko lakumanja ndi inzake kuphiko lakumanzere, n'cholinga choti mbalameyo izithabe kuuluka. Komabe imauluka mofooka, ndiye imabisala m'zitsamba poopa mphamba ndi amphaka. Koma mbalame zina, monga abakha ndi atsekwe, zimataya nthenga zonse zoulukira pakamodzi, n'kukhala pafupifupi mwezi wathunthu osauluka. Amene akufuna kuona mbalame m'masabata amenewa asiye kuyang'ana pamwamba pa mitengo, ayang'ane pansi pa mpanda wa zitsamba ndiponso pambale ya madzi, pakuti mbalame imene ikusintha nthenga imasamba kawirikawiri.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi imene bwalo limaoneka ngati lopanda kanthu ndi imene mbalame zimachuluka kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, popeza ana onse amene aswedwa m'chilimwe amakhala alipo, chisanu ndi njala zisanawachepetse. Vuto ndi loti anawo safanana ndi makolo awo. Mwana wa robin wa ku Ulaya alibe chifuwa chofiira chimene mbalameyi imadziwika nacho, amangokhala wamawangamawanga, ndipo kufiirako kumabwera pang'onopang'ono, zigamba zigamba. Mwana wa goldfinch ali ndi mzere wachikasu wa paphiko koma kumaso kulibe kufiira. Ana a starling ndi otuwa, ndipo akamasintha nthenga, thupi limada n'kuchita timadontho toyera mutu udakali wotuwa, moti munthu akhoza kuganiza kuti waona mtundu wachilendo. Ine ndimaona kuti kusokoneza kumeneku n'kothandiza, chifukwa kumachititsa munthu kusiya kudalira mtundu wa nthenga n'kuyamba kuona kaimidwe, kadumphidwe, kukula kwa mlomo ndi mmene mchira ukugwedezekera, zinthu zimene sizisintha ndi nyengo.

Chakumapeto kwa Ogasiti robin amayambanso kuimba, koma nyimbo yake imakhala yofatsa ndi yopyapyala kusiyana ndi ya nthawi yomanga zisa. Apa sakufuna mkazi, akulengeza malo ake odyerapo m'nyengo yozizira, ndipo wamkazi nayenso amaimba n'kulanda malo akeake. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ataona kuti ku Greece mbalame yotchedwa redstart imasowa pa nthawi yomwe robin amayamba kuoneka, anaganiza kuti redstart ndiyo imasanduka robin. Tikhoza kumuseka, koma iye anaona bwino ndithu kuti wina wachoka ndipo wina wafika. Chimene analibe ndi njira yotsatira wochokayo.

Kufika kwa mbalame n'kosavuta kukudziwa. Namzeze woyamba wa mu Epulo aliyense amamuona n'kuuza anzake. Kuchoka ndiye kovuta, chifukwa mbalame sitsanzika, ndipo munthu amangozindikira patapita masabata kuti kumwamba kwakhala zii. Mbalame za swift, zimene zimafanana ndi anamzeze ngakhale si pachibale, ndi zina mwa zoyamba kunyamuka: zimafika ku Ulaya chakumayambiriro kwa Meyi, ndipo pofika pakati pa Ogasiti zambiri zimakhala zitapita, kunja kukutenthabe. Ofufuza a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anasonyeza mu 2016 kuti swift ikhoza kutha miyezi 10 ili m'mlengalenga osatera, kudya ndi kumwa ikuuluka. Cuckoo wamkulu amafulumira kuposa pamenepo, ena amanyamuka mu Juni, pakuti mazira ake amaikira m'zisa za mbalame zina ndipo alibe ana owalera. Anawo amatsatira pambuyo okhaokha, popanda wowasonyeza njira. Kuyambira mu 2011 bungwe la British Trust for Ornithology lakhala likumangirira tizipangizo ta setilaiti pa mbalamezi, ndipo zapezeka kuti zambiri zimakathera nyengo yozizira m'nkhalango za kuchigwa cha mtsinje wa Congo. Anamzeze ndiwo amachedwa, ndipo mu Seputembala amasonkhana pamawaya a magetsi, gulu likukula tsiku ndi tsiku, mpaka m'mawa wina mawayawo amapezeka opanda kanthu.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kulemba, ndipo kulemba kwake kwa tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene palibe chachilendo. Tsiku lomaliza kuona swift simungalidziwe pa tsikulo, mumalidziwa potsegula kope n'kuona pamene dzina lake linasiya kuoneka. Kope limene mwalembamo mbalame zachilendo zokha silingayankhe funso limeneli. Mabungwe ofufuza amadziwa zimenezi bwino. Pulogalamu ya Garden BirdWatch ya ku Britain, imene inayamba mu 1995, imapempha anthu kutumiza sabata iliyonse mndandanda wa mbalame za pakhomo pawo, ndi mpheta zomwe. Nayo eBird, imene inakhazikitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology pamodzi ndi National Audubon Society, imafunsa wotumiza aliyense ngati mndandanda wake uli ndi mbalame zonse zimene anazizindikira, chifukwa yankho likakhala lakuti inde, mbalame imene sinalembedwe imakhala umboni nayonso. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin, imene kuyambira mu 2021 imatha kuzindikira mbalame pomva kulira kwake, ndi yothandiza, koma ine ndimaitenga ngati yongondilozera koyang'ana, ndipo sindilemba m'kope mbalame imene foni yokha ndiyo yaimva.

Zimene tikudziwa lero zokhudza kumene mbalamezi zimapita zinadziwika mochedwa kwambiri. Ngakhale katswiri wa zachilengedwe Carl Linnaeus, m'zaka za m'ma 1700, ankakhulupirira kuti anamzeze amagona pansi pa madzi nyengo yonse yozizira, mwina chifukwa asananyamuke amagona m'bango m'mphepete mwa nyanja ndi madambo. Mu 1822 pafupi ndi Klütz, kumpoto kwa Germany, anapha dokowe amene anali ndi mkondo wa ku Africa utamupyoza pakhosi, ndipo dokowe ameneyo akusungidwabe ku yunivesite ya Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta aluminiyamu tokhala ndi manambala, ndipo njirayo inafalikira msanga. Namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, mu Meyi 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912, mtunda wa makilomita oposa 9,000. Kambalame kake n'kolemera pafupifupi magalamu 20 basi, ndipo panjira pali nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara.

Chimene chimauza mbalame kuti nthawi yakwana si kuzizira kwenikweni, koma kufupika kwa masana, kumene kumayamba pambuyo pa 21 Juni ndipo kumafulumira kwambiri pofika pa 22 kapena 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana. Thupi likamva zimenezi limayamba kufuna chakudya chochuluka n'kumasunga mafuta, amene ndiwo mphamvu ya paulendo. Apa ndi pamene kuseri kwa nyumba kumakhala kofunika. Mbalame zimene chilimwe chonse zinkadya tizilombo zimatembenukira ku tizipatso takupsa ta m'zitsamba, ndipo woonerera akhoza kuona mbalame yachilendo itakangamira chitsamba chimodzi masiku angapo kenako n'kuzimiririka. Ku North America kambalame kotchedwa ruby-throated hummingbird, kolemera pafupifupi magalamu 3, kamanenepa mpaka kulemera kwake kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo tina timawoloka nyanja ya Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 800, osapumula. Zosachoka nazonso sizikhala chabe: mbalame ya jay imakwirira pansi njere za mtengo wa oak masauzande angapo m'nyengo imodzi, ndipo zimene yaiwala zimamera n'kukhala mitengo. Choncho amene amadulira zitsamba zonse ndi kuzula maluwa ouma mu Seputembala, pofuna kuti pakhomo pakhale paudongo, amakhala akutaya chakudya cha alendo ake. Ine ndimasiya maluwa ouma ndi njere zake mpaka chisanu chitatha, ndipo masamba oyoyoka ndimangowakankhira pansi pa mpanda, mmene mbalame zimafukula nyongolotsi.

Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimayenda usiku, mpweya uli wozizira ndi wodekha, mphamba atagona. M'zaka za m'ma 1960 wofufuza wina, Stephen Emlen, anaika mbalame za indigo bunting m'nyumba yoonetseramo nyenyezi zochita kupanga, ndipo anapeza kuti zidakali zazing'ono zimaphunzira mbali ya kumpoto poona malo amene nyenyezi zonse zimaoneka ngati zikuzungulirapo. Kuonerera mbalame m'nyengo imeneyi kumafunanso makutu. Usiku wa mu Okutobala kumadzulo kwa Ulaya, munthu akaima panja amatha kumva kakulira kopyapyala kochokera mumdima, ndipo zimenezo zimakhala mbalame za redwing zikufika kuchokera ku Scandinavia ndi ku Iceland. Dziko limene anamzeze akulithawa chifukwa cha kusowa kwa tizilombo touluka, kwa izi ndi dziko lofunda.

Nkhani imene imandichititsa kuganiza kwambiri ndi ya blackcap. Kale mbalame za mtundu umenewu zoswedwera pakati pa Ulaya zinkalowera kum'mwera chakumadzulo, ku Spain ndi kumpoto kwa Africa, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 zina zinayamba kulowera ku Britain. Peter Berthold ndi anzake ku Germany anasonyeza kuti njira yatsopanoyi ndi yotengera kumtundu, ana amabadwa nayo. Kuchepa kwa chisanu kwathandizira, koma chakudya chimene anthu amaika kuseri kwa nyumba zawo chathandiziranso kuti zoyenda njira imeneyi zipulumuke. Munthu wopachika chodyera cha mbalame amaganiza kuti akungoonerera, pamene kwenikweni walowerera m'moyo wa mbalamezo.

Kulowerera kumeneku kukhoza kupweteka. Kuyambira mu 2005 ku Britain kunabuka matenda a trichomonosis pakati pa mbalame zodya njere. Kachilombo kake kamatupitsa pakhosi moti mbalame imalephera kumeza, n'kumalavula chakudya chimene ina imadzatola, ndipo matendawa amakula kwambiri kumapeto kwa chilimwe, pamene ana ambiri amaunjikana pachodyera chimodzi. Mbalame za greenfinch zinachepa kwambiri moti mu 2021 zinaikidwa pamndandanda wofiira wa mbalame zimene zili pangozi m'dzikolo. Zodyera ziyenera kutsukidwa sabata iliyonse n'kuumitsidwa, madzi asinthidwe tsiku lililonse, ndipo mukaona mbalame yofufuma nthenga, yaulesi, yonyowa kumlomo, chotsani zonse kwa masabata angapo kuti gululo libalalike. Ndikanati ndisankhe pakati pa chodyera chosatsukidwa ndi kusadyetsa n'komwe, ndikanasankha kusadyetsa.

Ngozi ina ndi magalasi a mawindo, amene amaonetsa chithunzi cha mitengo ndi thambo moti mbalame imaganiza kuti pali njira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anayerekezera kuti ku United States kokha mbalame zapakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka chilichonse powomba nyumba, ndipo pafupifupi zonsezo zimafera panyumba zogonamo ndi nyumba zina zazifupi, osati pansanjika zazitali kwambiri. Nthawi yoopsa ndi imeneyi ya ulendo wa mbalame, pamene ana osadziwa kanthu akudutsa malo achilendo ndipo magetsi a usiku akuwasokoneza. Mu Okutobala 2023 mbalame pafupifupi 1,000 zinafa usiku umodzi panyumba ya McCormick Place ku Chicago, ndipo atamata timadontho pamagalasi ake chaka chotsatira, imfa zinatsika kwambiri. Pakhomo njira yake ndi yomweyo. Chithunzi chimodzi cha mphamba chomata pagalasi sichithandiza, chifukwa mbalame imangochilambalala n'kuwomba pambali pake. Timadontho kapena mizere iyenera kukhala kunja kwa galasi, motalikirana masentimita osapitirira 5. Chodyera chikhale pafupi kwambiri ndi windo, osapitirira mita imodzi, kuti mbalame yodzidzimuka isakhale ndi liwiro lodzipweteka nalo, apo ayi chikhale kutali ndithu. Magetsi a panja osafunikira azimitsidwe usiku mu Seputembala ndi mu Okutobala, ndipo mphaka asungidwe m'nyumba m'mbandakucha, nthawi imene mbalame zoyenda usiku zimatera zitatopa.