Mapeni a chotupa cha mtengo

Anthu ambiri akaona chotupa cha mtengo chong'alukang'aluka amati ndi nkhuni basi, koma ine ndi chomwecho chimene ndimachisakasaka popanga mapeni. Mkati mwake mizere ya thabwa imazungulirazungulira, peni iliyonse imatuluka ndi maonekedwe akeake.

Chachikulu, chotupacho chiume kaye, chiumiretu, chifukwa resin (mankhwala amadzimadzi othira m'ming'alu, omwe amalimba ngati pulasitiki) sagwirizana ndi chinyezi, amachita thovu ndipo amayera ngati chifunga. Chikauma ndimachotsa makungwa ofumbwa m'ming'alumo, kusakaniza resin wa mtundu wa epoxy ndi kautoto pang'ono, ine ndimakonda wabuluu, kenako kuthira pang'onopang'ono kuti alowe mpaka m'kati, n'kuika mu poto wotsekeka wopoperamo mpweya mwamphamvu kuti timathovu tipanikizike tisaoneke.

Akalimba ndimaboola ndi dirilo ya 7mm, kumata kapaipi kamkuwa, kenako pa lathe, makina ozunguliza thabwa posema. Apa ndiye pofunika mtima. Resin ndi thabwa kulimba kwake n'kosiyana ndiye tchizulo ikhale yakuthwa ndipo muzisenda pang'onopang'ono, mukakankha mwamphamvu chidutswa chimathothoka pomwe zakumana paja. Masiki osaiwala abale, fumbi la resin ndi loipa m'chifuwa. Sandipepa ndimathera ya madzi, pamwamba guluu wa CA (supa guluu) kuti iwale bwino.