Compiler yoyambira nayo pa C ndi C++, ine ndimati GCC

Amene angoyamba kuphunzira programming mu C kapena C++ amakonda kufunsa kuti aike compiler iti pa laputopu, ndiye ndati ndingolemba pano maganizo anga. Compiler ndi chida chomwe chimasandutsa code yomwe mwalemba kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse.

Choyamba chonde Turbo C++ isiyeni. Ndikudziwa ena munaphunzirira pomwepo ndipo sikirini yake yabuluu ija mumaikonda, koma ndi ya m'ma 1990, nthawi ya DOS (operating system yakale ya Microsoft), moti pa Windows ya 64-bit siyenda pokhapokha muidutsitse mu DOSBox, pulogalamu yoyendetsera zinthu zakale za DOS. Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti imamuzoloweza mwana wasukulu kulemba iostream.h ndi clrscr() zomwe compiler zamasiku ano zimangokana, ndiye munthu wavutika chaka chonse kenako akuyambiranso.

Ine ndimati GCC. Inatuluka mu 1987, anaiyambitsa ndi Richard Stallman wa GNU (pulojekiti ya mapulogalamu aulere), ndi yaulere ndipo pa Linux ndi imene pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito. Pa Windows mumaipeza ngati MinGW-w64, mutha kudzera pa MSYS2 (pulogalamu yoikira zida ngati zimenezi pa Windows) kapena kungodawuniloda Code::Blocks (pulogalamu yolemberamo code) koma muonetsetse kuti fayilo yake ili ndi mawu oti mingw m'dzina, apo bii mupeza editor yokha yopanda compiler nkumadabwa kuti bwanji batani la Build silikugwira.

Visual Studio ya Microsoft sindikuinyoza ayi, debugger yake (chida chosakira zolakwika mu pulogalamu) ndi yabwino zedi ndipo mtundu wake wa Community ndi waulere, ngati cholinga chanu ndi mapulogalamu a Windows basi pitani komweko. Vuto ndi kukula, imadya ma GB angapo, ndiye ndi mmene bando ikudulira kunoku komanso laputopu zathu zambiri za RAM ya 4GB zija, imalemera mpaka umagwa ulesi usanalembe ndi mzere umodzi womwe.

Clang nayo ndimaikonda, ndi compiler ya pulojekiti ya LLVM yomwe inayambira ku University of Illinois mu 2000, ndipo inatchuka chifukwa ukalakwitsa imakulozera bwinobwino pamene pali vuto, ngakhale GCC nayonso inakonza zimenezi kwambiri. A Mac dziwani kuti mukalemba gcc pa terminal nthawi zambiri imene ikuyenda ndi Clang ya Apple.

Iliyonse mwa ziwirizi, GCC kapena Clang, musaiwale kuonjezera -Wall -Wextra pa command ya compiler kuti izikupatsani ma warning, ndipo pa C++ onjezerani -std=c++17 kuti igwiritse ntchito C++ ya 2017. Ma warning aja muziwawerenga ndithu, ambiri amangowadumpha pulogalamu ikangoyenda koma variable yosapatsidwa value imagwidwa pomwepo.