Kutchaja galimoto ya magetsi m'mbali mwa msewu: pomwe ntchito ya ngalande yafika

Ngalande yodutsitsamo chingwe chotchajira galimoto pa njira ya oyenda pansi yadulidwa pakhomo panga, chingwe chikulowamo bwinobwino, koma tchaja ya pakhoma sinayatsidwe chifukwa nkhani ya fyuzi yaikulu sinathe. Apa ndi pomwe ntchito yafika. Zolembazi ndi za anzanga amene muli kuno ku England m'nyumba zogundizana zija, zomwe ukangotuluka pakhomo wafika kale pa njira ya oyenda pansi, galimoto n'kumagona pamsewu.

Vuto lake ndi mtunda wa mamita awiri kapena atatu omwe ali pakati pa khoma lanu ndi galimoto. Malo amenewo si anu, ndi a khonsolo. Gawo 162 la Highways Act ya 1980 limaletsa kudutsitsa chingwe kapena waya pamsewu m'njira yoika anthu pangozi popanda chenjezo lokwanira, ndipo lamulo 239 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, limauza wotchaja kuti aime pafupi ndi potchajira, chingwe chisapunthwitse anthu. Makhonsolo ena amalola kamphasa ka rabala kovundikira chingwe, ena salola n'komwe. Ngakhale komwe amalola, kamphasako ndi kovuta kwa munthu wa pa njinga ya olumala, wosaona, kapena mayi wokankha kangolo ka mwana. Munthu akapunthwa n'kuthyoka, mlandu ufika pakhomo panu.

N'chifukwa chiyani munthu angavutike chonchi pomwe matchaja a pamsewu alipo? Ndi mtengo basi. Kwa zaka zambiri magetsi a panyumba akhala akulipiridwa VAT ya 5 peresenti pomwe a pa tchaja ya aliyense ndi 20 peresenti, ndipo pamwamba pa apo kampani ya tchajayo imaikapo zake. Panyumba mukhoza kulowa ndondomeko ya magetsi otchipa a usiku. Ya Intelligent Octopus Go, mwachitsanzo, imatsitsa mtengo kuyambira 23:30 mpaka 05:30. Maola 6 amenewo pa 7 kW ndi pafupifupi 42 kWh. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo khumi lomwe limatayika potchaja, ndipo ngati galimoto yanu imayenda mamailo 3.5 pa kWh imodzi, mwadzuka ndi mamailo pafupifupi 130.

Tsopano ndondomeko yake, ndipo musaisinthanitse. Choyamba si kugula tchaja ayi, ndi kufunsa khonsolo ngati imalola ngalande m'dera lanu. Zodziwika kwambiri ndi Kerbo Charge ndi Gul-e, yomwe inayambira ku Oxford. Ganizo lake ndi limodzi: amadula kamzere kopapatiza, kakuya masentimita ochepa, kuchokera pa malire a nyumba mpaka m'mphepete mwa msewu, n'kuikamo ngalande yolingana ndi pamwamba pa njira. Ina ili ndi chivundikiro chodzitseka chokha, ina ili ndi timabulashi totseka pamwamba. Simungadule nokha ngakhale mutakhala mmisiri wotani. Kukumba pamsewu kumayendera New Roads and Street Works Act ya 1991, ndipo amakumba ndi anthu a ziphaso zake, ataunika kaye pansi ndi makina kuti asadule paipi ya madzi, ya gasi kapena chingwe cha intaneti chomwe nthawi zambiri chimakwiriridwa pamwamba kwambiri. Funsaninso ngati pakufunika chilolezo cha zomangamanga pa tchaja yeniyeniyo, popeza ufulu woika tchaja popanda chilolezo unalembedwera anthu oimika galimoto pabwalo pawo. Funsani amene adzakhale mwini ngalande, amene azidzaikonza, komanso ngati pali ndalama ya chaka ndi chaka. Ngati mukuchita lendi, kalata ya eni nyumba ikhale m'manja musanayambe zonsezi.

Boma lili ndi thandizo la ndalama kwa anthu oimika galimoto pamsewu. Pomwe linkayamba mu 2024 linali 75 peresenti ya mtengo wa tchaja ndi kuika kwake, osapitirira £350, ndipo limafuna kuti pakhale ngalande yovomerezedwa ndi khonsolo. Pemphani ntchito isanagwiridwe, osati itatha.

Gawo lomwe ladya nthawi yambiri ndi la m'nyumba. Tchaja ya 7 kW imakoka 32 A pa 230 V, ndipo imakoka chonchi maola ambiri osapuma, zomwe ketulo kapena ayironi sachita. Tsegulani kabati ya mita muone fyuzi yaikulu. Nyumba zambiri zakale zili ndi ya 60 A. Shawa ya magetsi ya 9.5 kW payokha imakoka pafupifupi 41 A. Phatikizani ndi 32 A ya galimoto: 73 A, uvuni musanayatse n'komwe. Fyuzi imeneyo ndi ya kampani yogawa magetsi m'dera, yomwe amati DNO, ndipo palibe wina wololedwa kuikhudza. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kupempha kuti aikweze kufika 80 A kapena 100 A, kapena wamagetsi aike CT clamp, kachipangizo koyeza magetsi amene nyumba ikukoka, pa waya wolowa m'nyumba kuti tchaja izidzichepetsa yokha nyumba ikayamba kukoka kwambiri. Yabwino n'kuchita zonse ziwiri.

Mukadali mu kabatimo, werengani zingwe zolowa pansi pa fyuzi. Mukaona ziwiri m'malo mwa chimodzi, mwina nyumba yanu ikugawana chingwe ndi ya aneba, zomwe zili ponseponse m'nyumba zogundizana. Apa DNO angafune kukupatulani kaye, ndipo kupatulako kumatanthauza kukumbanso, nthawi zina pakhomo pa aneba. Pakhomo panga chapezeka ndi chingwe chimodzi ndi fyuzi ya 60 A, ndiye tikungodikira tsiku loti adzaisinthe.

Nkhani ya ethi musaichepetse. Nyumba zambiri kuno zili pa PME, pomwe waya wa nyutulo ndi wa ethi amabwera ngati waya mmodzi kuchokera mumsewu. Waya ameneyo akaduka kwinakwake, chitsulo chonse cha galimoto yolumikizidwa chingathe kukhala ndi magetsi, ndipo apa galimotoyo ili poyera pomwe aliyense wodutsa angaitsamire. Gawo 722 la BS 7671, buku la malamulo oika mawaya a magetsi, ndi lomwe limanena za izi. Tchaja ikhale yotha kuzindikira kuduka kwa waya ameneyu n'kudzizimitsa, ikhalenso ndi chitetezo cha RCD (swichi yodula magetsi akayamba kuthawira kwina) ya Type A pamodzi ndi chozindikira 6 mA ya DC, kapena RCD ya Type B. Wamagetsi ayang'anenso ngati pafupi ndi poimika pali pholo la nyale kapena bokosi lachitsulo loti munthu angaligwire dzanja lina lili pa galimoto, chifukwa ethi ya zinthu zimenezo ingakhale yosiyana ndi ya nyumba yanu. Kuchokera pa bolodi mpaka pa tchaja kawirikawiri amaika waya wa 6 mm², ndipo mtunda ukatalika amakwera kufika 10 mm².

Ena mukuti bwanji osangogwiritsa ntchito chingwe cha pulagi ya mano atatu chomwe chimabwera ndi galimoto. N'zotheka: 10 A, kutanthauza 2.3 kW, pafupifupi 14 kWh pa maola 6, mamailo 45 kapena kuchepera. Kwa woyenda ulendo waufupi zikwana. Koma soketi yakale ikamakoka 10 A usiku wonse imatentha, mano a pulagi amada, pulasitiki n'kuyamba kusungunuka. Ikani soketi yakeyake yapanja, pa mzere wakewake. Ekisitenshoni ya m'nyumba ayi ndithu.

Kuyeza chingwe ndi pomwe ambiri amaphonya. Musayeze kuchokera pakhoma mpaka m'mphepete mwa msewu basi. Yezani kutsika pakhoma, kudutsa ngalande yonse, kenako kutsata m'mbali mwa msewu mpaka pa doko la galimoto (polowetsa pulagi yotchajira), galimotoyo itaima malo oipitsitsa amene mungapeze. Ngalande sikupatsani umwini wa malo oimikapo. Aneba akaima pakhomo panu sanalakwe chilichonse, inu muima kutsogolo kapena kumbuyo kwawo. Choncho chingwe cha mamita 5 sichithandiza. Cha mamita 10 ndiye chimafika. Doko lili kuti? Nissan Leaf yakale ndi Renault Zoe ndi kutsogolo pakati, zosavuta. Tesla ndi MG4 ndi kumbuyo kumanzere, mbali ya oyenda pansi mukaima motsata magalimoto, popeza kuno amayenda kumanzere ngati kwathu. VW ID.3 ndi kumbuyo kumanja, ndiye pulagi imatulukira mbali ya msewu pomwe njinga kapena vani ingaikole. Kutembenuza galimoto si yankho nthawi zonse: lamulo 248 la Highway Code limaletsa kuimika usiku moyang'anizana ndi magalimoto pokhapokha pa malo olembedwa oimikapo.

Onaninso kunenepa kwa chingwe. Cha 22 kW, cha magawo atatu a magetsi, n'chonenepa komanso cholimba, ndipo m'nyengo yozizira chimauma ngati ndodo, chivundikiro n'kukana kutseka. Nyumba yanu ili ndi gawo limodzi la magetsi, ndiye gulani cha 7 kW cha pulagi ya Type 2. Chotsala musachikulunge mothina potchaja chifukwa chimatentha. Chigonekeni momasuka pansi pa galimoto kapena mkati mwa mpanda.

Ngalande imadzaza msanga ndi mchenga, masamba ndi mchere womwe amathira m'misewu nthawi ya chisanu. Zinyalala zikachuluka chingwe chimakhala pamwamba, chivundikiro n'kutukuka, ngozi yomwe mumathawa ija yabwerera. Kabulashi kopapatiza ndi botolo la madzi kamodzi pa sabata zikwanira. Madzi akaundana mkati, thirani ofunda, osati owira, ndipo musatokose ndi sikuludiraiva. Mukamaliza kutchaja chotsani chingwe. Ngalande si mosungira.

Pakadali pano galimoto yanga ikudya za pa tchaja ya pa pholo la nyale ya mumsewu. Matchaja amenewa, monga a ubitricity ndi char.gy, amapereka pafupifupi 5 kW chifukwa amagwiritsa ntchito waya wa nyale womwe ulipo kale. Maola 10 a usiku ndi pafupifupi 50 kWh, ndiye kuchedwa kwake si vuto ngati mwapeza malo. Chingwe mumabwera nacho nokha. Popeza sakwana 8 kW, malamulo a 2023 a matchaja a aliyense sawakakamiza kukhala ndi pogunditsa khadi, choncho mumalipira pa foni. Musanajambule QR code, pitsanipo chala: akuba amamata yawo pamwamba pa yeniyeni. Lumikizani ku pholo kaye, kenako ku galimoto, mukhome galimoto kuti chingwe chigwidwe, ndipo musachoke musanaone pa dashibodi kuti magetsi akulowadi. Nthawi zambiri ikakana, vuto limakhala ndandanda ya nthawi yomwe munaika mu galimoto kuti izitchaja usiku wokha. Leaf yakale ya 3.3 kW idzakoka 3.3 kW yomweyo ngakhale pholo litapereka zambiri.

Chinthu china choti chisadzakudabwitseni tsiku loyatsa: malamulo omwe anayamba pa 30 June 2022 amafuna kuti tchaja zatsopano za panyumba zizichedwa kuyamba ndi mphindi zosaposa 10, mwachisawawa, kuti dziko lonse lisayatse nthawi imodzi. Ikangokhala chete nthawi yanu itakwana, sinafe. Imafunanso intaneti, ndipo makoma a njerwa a nyumba zakalezi amatchinga Wi-Fi, ndiye yesani ndi foni pamalo penipeni pomwe idzakhale musanaboole khoma.

Zotsala ndi izi: fyuzi ikwere, wamagetsi abwere kudzayeza ndi kupereka satifiketi, kampani ya inshulansi ya nyumba iuzidwe za ngalande ndi chingwe, kenako tisinthe ndondomeko ya magetsi. Yotsirizayi imafuna smart meter yomwe ikutumiza mawerengedwe a theka lililonse la ola, choncho onani ngati yanu ikutumiza musanapemphe. Lipoti lotsatira lidzakhala la ma kWh otuluka pa mita poyerekeza ndi omwe afika mu batire.