Masamu a pakati pa usiku

Ku sukulu ya unesi masamu ndinali kuwazonda, ine maganizo anga anali akuti ntchito ni kubaya nyeleti basi. Manje onani, mvula ikangoyamba kuno ku Chipata malungo amadzaza wadi ya ana, ndipo masamu aja amakupeza 02 hours tulo tili m'maso.

Sabata yatha amayi ena anafika ndi kamwana kumbuyo, thupi moto, sikadya sikamwa, kakomoka kawiri panjira. Adokotala akuti artesunate, mankhwala a malungo oopsa, pamtsempha. Tinakayika pasikelo, makilo 12. Ine mwachangu 12 kuchulukitsa ndi 2.4, ndapeza 28.8 mg, ndayamba kale kutsegula botolo. A Sista anangosuzumira pepala langa nati, “Mwana wanga, ameneyu wafika makilo 20?” Manyazi anandigwira mwe. Mwana wosakwana makilo 20 amalandira 3 mg pa kilo, 2.4 ija ni ya ana okulirapo ndi akuluakulu, ndiye apa panafunika 36 mg. Ndikanamupatsa mankhwala operewera pa malungo oopsa choncho.

Kusungunula kwake nako kuli ndi kamwambo. Kabotolo kali ndi ufa wa 60 mg, uyamba wathira 1 ml ya sodium bicarbonate imene imabwera m'bokosi momwemo, ukhutchumula mpaka madzi ayere mbee, ngati akali amtambo usapitirire. Ukatero uwonjeza 5 ml ya normal saline, madzi amchere a dripi aja, osati water for injection, madzi wamba osungunulira nyeleti, ayi, zonse zikwana 6 ml, kutanthauza kuti 1 ml iliyonse yanyamula 10 mg. Ndiye 36 mg ija ni 3.6 ml, kulowetsa pang'onopang'ono, kubwerezanso pakapita maola 12, kenako pa 24 kuchokera pa nyeleti yoyamba. Zotsala m'botolo sitisungira nyeleti yotsatira, ola likadutsa n'zotaya, olo mtima uwawe bwanji.

Za dripi sindivutika nazo kwenikweni. Lita imodzi pa maola 8 ndi seti ya madontho 20 pa 1 ml ni madontho 42 pa mineti, ndimangowerenga 10 kapena 11 pa masekondi 15 ndi kawotchi kanga ka pachifuwa. Bola uwone paketi, chifukwa burette, seti ya dripi ya ana, ni madontho 60 pa 1 ml.

Kamwana kaja tsiku lachitatu kanali kulimbirana nthochi ndi amake. Ine ndinalemba “20 kg” ndi bolopeni yofiira pachikuto cha kabuku kanga ka m'thumba, ndipo a Sista mpaka lero akandiona ndi sirinji amangofunsa kuti makilo angati.