Chala cha aphunzitsi ndi phunziro la ku Nkhotakota

Loweruka lapitali ife aphunzitsi a sayansi a ku Salima tinakacheza kwa anzathu a ku Nkhotakota. Tinanyamuka pa Kamuzu Road m'mamawa, n'kutsata msewu wa M5. Pa Chia tinaima kuti tigule chambo, ndipo bambo wina wa m'gulu lathu analasidwa pachala ndi munga wa pamsana pa nsomba. Pofika kuboma chalacho chinali chitafiira, chikutentha.

Mayi amene anatilandira, mphunzitsi wa Biology, atachiona anasiya zomwe anakonza. "Aphunzitsi, tabwerani kutsogolo kuno, chala chanuchi ndiye bolodi lathu lero."

Anati maselo a pabala amatumiza amithenga otchedwa cytokine, monga IL-6. Mthengayu salowa m'selo, amangogogoda pakhomo. Mkati mwa khomolo mumakhala enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yotchedwa JAK, ya m'banja la ma kinase. Ntchito ya kinase ndi kuchotsa kachidutswa kotchedwa phosphate pa ATP (chosungira mphamvu cha m'selo) n'kukamata pa puloteni ina, ngati mmene amfumu amadindira kalata: yopanda chidindo siyenda. JAK ikadinda puloteni ya STAT, STAT-yo imalowa mu nucleus, chipinda cha m'selo chosunga majini, n'kudzutsa majini a kutupa. Zinthu zikatha, ma enzyme ena otchedwa phosphatase amafufuta chidindocho. Munthu ali ndi ma kinase opitirira 500, ndipo Edmond Fischer ndi Edwin Krebs analandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa chotulukira kudinda ndi kufufuta kumeneku.

Apa ine ndinakumbukira agogo anga, amene nyamakazi inawapinda zala mpaka kulephera kugwira mthiko. Pa nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid, thupi limaukira mfundo zake zomwe, ndipo chidindo chimangogwa osaleka. Ndinafunsa ngati pali chotseka dzanja lodindalo. Alipo mankhwala, anatero mayiwo, monga tofacitinib amene America inavomereza mu 2012. Koma kutupa komweko n'kumene kumatsekereza tizilombo ta TB m'mapapo. Ukaziziritsa JAK, TB yogona ikhoza kudzuka, mashingozi nawonso, n'chifukwa chake wodwala amayamba wayezedwa kaye TB asanapatsidwe mankhwalawa. Kwathu kuno, komwe aliyense amadziwa wina amene anamwapo mankhwala a TB, mfundo imeneyi inandilowa kwambiri.

Titadya nsima ya kondowole, tinagwirizana kuti teremu ikubwerayi iwo adzabwere ku Salima. Pobwerera bambo aja anakhala mpando wakutsogolo, chala chili m'mwamba, akubwereza okha: "IL-6, JAK, STAT."